Karibu Wandidyera Ndiwo

Lolemba

Nyumba yanga! Yanga ndekha!

Chisomo, mwana wa malemu mchemwali wanga, wotsiriza mwa onse amene ndalera, wakwatiwa Loweruka. Achibale apita dzulo. Ena apita ndi masupuni anga, koma apita. Kubafa kulibe mzere. Sopo ali pomwe ndinamusiya. Ndavina pabalaza popanda nyimbo, bondo lalira, ndavinabe.

Chiyambire utsikana wanga ndikuphikira anthu. Alongo anga, malemu bambo a kunyumba kuno, ana anga, ana a eni, alendo obwera "kudzangogona lero lokha" n'kutha mvula ziwiri. Kudya kwanga kwakhala kwa choimirira, kupala m'poto. Ndiye pulani ya sabata ino nayi: kuphika chakudya cha munthu mmodzi, kukhala pansi, kudya ndekha kuyambira supuni yoyamba mpaka yomaliza. Ngakhale kamodzi kokha. Basi!

Ndagula kapoto ku Area 2. Kakang'ono, kowala, kachivundikiro kake ngati chipewa cha mwana. Mayi wa m'sitolomo: "N'ka zidzukulu kochitira masanje?" Ayi mayi, n'ka ufulu.

Zoti ndidye:
- mazira awiri, onse anga
- futali
- mkhwani wotendera, nsinjiro zosaumira
- nyemba ndi mpunga
- chilichonse chimene mtima wafuna, osafunsa munthu

Nkhani ina: m'nyumba yosanja yoyandikana nane mwalowa anthu. Pomwe panali kanyumba ka a Kamanga ndi mapapaya awo. Mpanda wautali ngati ndende, waya wamagetsi pamwamba, geti lotseguka lokha ngati muli mizimu. Area 1 yathu ikusintha. Pomwe panali chigayo pano akugulitsa khofi m'timakapu tapepala. Anthu akumathamanga mumsewu popanda wowathamangitsa.

Masana. Mazira apsa, tomato, kaanyezi, buledi. Ndakhala pakhonde ngati bwana. Mumsewu mukudutsa mayi wachitsikana, nsapato zoyera, botolo la madzi m'manja, akuthamanga. Maso akumana. Ndati, "Karibu!"

Monga munthu aliyense amanenera. Karibu ndi moni wa munthu amene wagwira mbale. Wodutsayo amati "zikomo, pitirizani," n'kumapita. Ngakhale mwana wa sitandade wanu amadziwa.

Uyu waima. Wachotsa timawaya m'makutu. "Zoona? Aaa, zikomo anti!" Wadutsa pa mpanda wanga wa nkhadze, wakhala pa mpando.

Ndi mayi wa nyumba yosanja ija. Mkazi wa a Mhango. Akuti ndizingomutchula Thoko. Anabadwira konkuno, anapita ku Mangalande asanayambe sukulu, wabwera mwezi watha. Chichewa chake chikuyenda ngati munthu wovala nsapato zobwereka.

Dzira limodzi lapita. Ndi buledi wa pakati, wofewayo.

Palibe kanthu. Lolemba ndi loyeserera.

Lachiwiri

Futali! Mbatata yofiira m'kati, nsinjiro ndasinja ndekha, kamchere pang'ono. Kapoto kakuimba pa mbaula.

Nzeru: wothamanga amadutsa masana, ndiye ndidya madzulo. Ine si mwana.

Chimene sindinaganize ndi geti. Geti lotseguka lokha limatseguka mwaulesi, ngati kalaliki wa boma Lachisanu. Galimoto imayenera kudikira. Imadikira pati? Pamaso pa khonde langa.

Chigalimoto chakuda, chachikulu ngati minibasi ya ku Kawale. Galasi latsika. Thoko akubayibitsa. Supuni ili m'mwamba, sinafike n'komwe pakamwa. Ndauza pakamwa panga kuti pakhale chete.

Pakamwa: "Karibuni!"

A Mhango, mwamuna wa mimba yaulemu ndi magalasi, ayankha bwinobwino: "Yewo mama, zikomo, pitirizani." Ndapuma. Munthu woleredwa! Koma mkazi wawo watsika kale. Kenako ndikuona mphuno ya a Mhango ikugwedera. Azimitsa injini pakati pa geti.

"Mama, ameneyo ndi futali?"

Akuti zaka zonse za kunja sanamuonepo. Akuti angolawa. Kulawa kwa a Mhango n'kwa supuni yaikulu yogawira.

Ndilembe pano kuti ndisaiwale: mkaziyo sadziwa. Koma bamboyu AKUDZIWA. Anakulira ku Rumphi, karibu amamudziwa ngati dzina lake. Wangobisala kumbuyo kwa umbuli wa mkazi wake ngati mbuzi yolowa m'munda potsatira inzake. Maso ake sanakumane ndi anga mpaka kapoto kayera.

Geti latseka lokha, latsegukanso, lasokonezeka. Ngati ine.

Chakudya changa cha lero: zomata pa chivundikiro, tiyi.

Lachitatu

Khonde lili ndi tsoka. Ndasamukira kuseri, pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi chingwe choyanikira. Kulibe msewu, kulibe geti. Ine, mbaula, nkhuku ya a neba. Ndaseka ndekha. Andipeze!

Mkhwani wa kudimba, wanthete. Ndasadzula bwinobwino, ndatendera mosaumira. Kafungo kake, Ambuye!

"Antiii! Mukuphika chani?"

Mawu ochokera kumwamba. Ndinayesa mngelo. Nyumba yosanja ili ndi khonde la m'mwamba, ndipo khondelo likuyang'ana kuseri kwanga konse. Mbaula, chimbudzi, zovala zam'kati pa chingwe. Zaka zonsezi wondiona kuchokera kumwamba anali Mulungu yekha, ndipo Iye safunsa za ndiwo.

Ndaponya chakudya m'kamwa msangamsanga kuti mawu asapeze potulukira. Masaya tololo. Dzanja langa lamanzere, lopanda chochita, ladzuka lokha n'kukodola.

Ngakhale dzanja!

Thoko wabwera ndi dengu la mphatso:
- mafuta a m'botolo lobiriwira, onunkhira udzu
- tchizi chonunkha ngati sokosi
- tinjere tina tonga chakudya cha mbalame, akuti n'tothira m'phala
- buledi woti ungakhomere msomali

Wajambula mbale yanga ndi foni. Kumwamba, m'mbali, wasuntha supuni, wajambulanso. Ine pa ukwati wa Chisomo sanandijambule chonchi. Akufunsa ngati mkhwaniwu ndi oganiki. Ndati ndi wa a Nabanda, mnzanga wa tsidya la msewu.

Kenako walawa. Akuti mayi ake ankaphika chonchi ku Mangalande, ndi sipinachi ndi chiponde cha m'botolo, n'kumadandaula kuti sizikufanana. Anamwalira komweko. Akuti lero ndi pomwe wamva chimene ankatanthauza.

Ndiye munthu ungatani? Ndamuwonjezera. Ndi dzanja langa lomwe lija.

Wapita akupukuta maso. Ine ndatsala ndi tchizi. Ndaponyera nkhuku ya a neba. Yayang'ana tchizi, yayang'ana ine, yachoka.

Lachinayi

Lero ndiye lero! Ngati pakamwa sipamva, ndiwo zigwire ntchito. Ndiphika zoti munthu wa ku Mangalande athawe osatsanzika.

Zida zankhondo:
- therere la soda, lokoka mpaka m'chigongono
- mbewa zouma, zamichira yake, mano ali pamtunda
- kambuzi wodzaza dzanja
- kansima ka mgaiwa, kakuda bii

Wogulitsa mbewa kumsika wandisankhira zonenepa. Ndati ayi, ndipatseni zoopsa nkhope. Wandiyang'ana ngati ndadwala.

Ndabwerera pakhonde, poyera. Ndayala zonse mwadala, mbewa zayang'ana kumsewu. Ndikuyembekezera ngati msodzi. Lero karibu ndimunena ndi mtima wonse!

Afika atatu. Thoko ndi anzake awiri a ku Area 10, mathalauza othina, timphasa talabala m'khwapa, akuchokera kokadzipinda. Akuti amalipira kuti munthu aziwauza nthawi yopuma mpweya.

"Karibuni nonse!" Mokweza, mwachimwemwe.

Thoko wasuzumira m'mbale. "Ndi zinziri?"

"Mbewa," ndatero, pang'onopang'ono, kuti liwu lililonse limveke.

Mtima wanga ukuvina.

Kenako mnzake wina wamtali, wa zikhadabo zopenta ndi mawu a pa wailesi, waika kamphasa pansi. Wayang'ana kumsewu uku ndi uku. Wakhala pansi chotambalala, wasamba m'manja.

"Mayi, ine kwathu n'ku Mchinji. Musawauze amuna anga."

Wayambira kumutu! Katswiri! Winayo akukoka therere ngati anabadwira m'nkhali, akuti kunyumba kwake wantchito amakana kuphika poopa kunyozetsa khitchini. Thoko akulira ndi kambuzi, mamina ali chuu, koma sakusiya, akuti ndi puloteni.

Area 10 yonse ndi mudzi wovala magalasi akuda. Ndazindikira mochedwa.

A Nabanda, mnzanga wa tsidya la msewu, akuwa ali pa mpopi: "Mwatsegula lesitilanti osatiuza?"

Ndatsala ndi mchira umodzi. Wamtali uja akufunsa ngati Lachinayi lililonse zimakhala chonchi.

Lachisanu

Pulani yatsopano: kulibe munthu. Ndapita ku Dedza. Ndamwalira. Chilichonse.

Makatani otseka, chitseko chokhoma, wailesi yozima. Vuto ndi limodzi: magetsi athima chim'mawa, ndipo mbaula sungayatse m'nyumba. Nyemba zili pakhonde, zikuwira. Ine ndili m'kati, ndikutuluka mozemba ngati wakuba, kuvundula, kuthawa. Kuba nyemba zanga zomwe!

Zatsala pang'ono kupsa. Ndathira tomato, anyezi, kamafuta ka udzu kaja (si koipa, koma sindimuuza). Ndikumva nsapato. Ndalowa, ndagwada kuseri kwa katani.

"Odi! Anti?"

Zii.

"Antiii?"

Ndikupuma ndi pakamwa. Bondo likufuna kulira, ndalipempha.

Sakuchoka. Waona kapoto pamoto popanda mwini. Mwana wabwino, wakhala pa mpando kuti andilondere nyemba zisapserere. Ndikumuonera pa kabowo ka katani. Wavundukula. Wavundula. Walawa ngati zapsa. Sanatsimikize. Walawanso. Wathira timadzi. Tsopano ayenera kulawa ngati mchere ukadalimo.

Kapoto kanga ndi kakang'ono. Sikapirira kukayika kotere.

Kenako watulutsa foni. Ndinamupatsa nambala Lachitatu, nthawi ya misozi ija. Foni yanga ili m'thumba la diresi. Nyimbo yake ndi ya kwaya ya amayi, ndipo Chisomo anaikweza mpaka kumapeto chifukwa ndimati sindimva.

Kwaya yonse kuseri kwa katani!

Ndatsegula chitseko ndikuyasamula. Ndati ndinagona. Wayang'ana mawondo anga, ali ndi fumbi. Ndati ndimapemphera. Zonse ziwiri, ndimapemphera n'kugona.

Ndipo poti wandipeza, ndipo nyemba zili apo, ndipo iye ali apo... sindilemba n'komwe. Mawu aja anatuluka.

KOMA! Nkhani yabwino! Anabwera kudzandiitana. Mawa akuwotcha nyama, phwando lolowera nyumba. "Anti, mwatidyetsa sabata yonse, mawa ndi tsiku lanu."

Tsiku langa! Si kudya ndekha, ndikudziwa. Koma dzira langa, futali wanga, mkhwani, mbewa, nyemba, zonse ndikazitenga m'mbale imodzi. Ndikadya mpaka waya wamagetsi azime. Madzulo ano tiyi yekha, dala. Ndikukonza malo.

Loweruka

M'mawa: madzi basi. Ndavala chitenje cha ukwati wa Chisomo ndi duku lake. Lamba ndamusiya. Ndatenga chikwama chachikulu, munthu sudziwa.

Geti landitsegukira lokha. Ndalithokoza, mlonda waseka.

M'katimo! Kapinga ngati kapeti. Dziwe losambira pomwe a Kamanga ankakumba mbatata. Galu waubweya ngati nkhosa, ali ndi bedi lake, dzina lake Bisiketi. Magalimoto mpaka kwa a Nabanda.

Ndipo nyama. Mayo ine, nyama!
- nkhuku, ntchafu zokhazokha, ngati nkhuku za kuno zimabadwa ndi miyendo isanu
- masoseji opiringizana ngati njoka
- nthiti za nkhumba
- chambo chogona pa waya, chonenepa ngati nduna
- mbuzi

A Mhango avala epuloni, agwira chopanira, akutuluka thukuta monyada. Mwamuna akaphika kamodzi pachaka amafuna mboni.

Andikhazika pa mpando wofewa, pamthunzi. Thoko akubwera ndi mbale. Yodzaza, phiri, ntchafu ili pamwamba ngati mbendera. Wagwada pang'ono, waphunzira. "Anti, karibu!"

Ndipo ine, mwana wa mayi anga, pamaso pa anthu onsewa, ndati chimene munthu woleredwa amanena:

"Iii, zikomo mwanangu, ndakhuta. Ndadya kunyumba."

Munthu amakana kaye. Mwini nyumba amati "ayi, lawani pang'ono." Umakananso mofooka. Amati "mutikhumudwitsa." Ndiye umalandira ngati ukuwachitira chifundo, n'kudya mpaka kupuma movutika. Ndi mmene dziko limayendera!

Thoko: "Ooo, pepani anti! Chabwino."

Watembenuka. NDI MBALE. Wapatsa mnyamata wina wandevu, wa kabudula.

Wandibweretsera madzi. M'madzimo muli kagawo ka nkhaka.

Ndadikira kufunsidwa kachiwiri. Ndakhala mowongoka, nkhope ya munthu wofunsika. Ntchafu zikudutsa. Nthiti zikudutsa. Thoko akuuza aliyense wobwera ndi mbale kumbali kwanga: "Anti adya kale, musawavutitse." Akunditeteza! Ndayang'ana a Mhango, amene AKUDZIWA. Atanganidwa ndi utsi. Wamtali wa ku Mchinji akudya soseji ndi foloko ndi mpeni, sakundidziwa.

Bisiketi wapatsidwa fupa lokhala ndi nyama yoti n'kudyera masiku awiri. Tayang'anana.

Ndadya nkhaka ija.

Dzuwa litapendeka, pafupi nane pakhala a NyaMhango, alongo awo a bamboyo, mayi wa ntchito za boma, wa mawu ngati belu. Ndiye m'mimba mwanga mwalankhula. Osati pang'ono. Ngati galimoto yokwera chitunda.

Andiyang'ana. "Mama, mwadya?"

"Ndakhuta."

"Anakufunsani kangati?"

"Kamodzi."

Aseka mpaka duku lagwa! Aitana Thoko pomwepo. "Mlamu, bwera kuno! Munthu wamkulu akati ndakhuta, ndiye kuti funsanso! Ukufuna atifere pa kapinga?" Nkhani yatambasuka, Thoko wafotokoza mosalakwa kuti iye amadya kwa anti tsiku lililonse chifukwa anti amamuitana. A NyaMhango agwira mutu. "Karibu?! Iwe umakhala pansi chifukwa cha karibu? Ndipo iwe Mhango unali pomwepo?"

A Mhango apita kukafuna makala.

Thoko manja kukamwa, maso ngati mbale. Wathamangira ku waya wowotchera nyama. Kwatsala mafupa a chambo ndi anyezi wopserera. Wandilongedzera zomwe zinalipo: masamba osaphika, mbale yonse.

Chikwama chachikulu chabwerera ndi letesi.

Lamulungu

Kutchalitchi ndaimba mofooka. Ulaliki unali wa kusala kudya. Ndangogwedeza mutu ngati katswiri.

Pobwera ndagula kanyama ka mbuzi, kochepa, ndi nthochi zaziwisi. Ndaphika pang'onopang'ono, msuzi wakhathamira. Letesi ndamuphikanso ndi tomato, wasanduka ndiwo ya anthu.

Lero palibe chobisala. Mwanayo waphunzitsidwa, pamaso pa anthu. Ndakhala pakhonde, mbale pamiyendo, kamphepo. Tsiku lomaliza, koma lakwana.

Akubwera. Sakuthamanga, akuyenda, wavala chitenje chomanga mokhota. Wafika pa nkhadze, waima kunja. Maso pansi.

"Mwaswera bwanji, anti?"

"Ndaswera, kaya iwe. Karibu."

"Zikomo anti, pitirizani." Wameza malovu. "Ndakhuta."

Mwaukadaulo! Ngati wobadwira ku Nathenje! Ndatsala pang'ono kuwomba m'manja. Ndanyamula supuni.

Sakuchoka.

Waima pomwepo, manja kumbuyo, mowongoka, nkhope ya munthu wofunsika. Ndaizindikira nkhopeyo. Ndinaivala dzulo tsiku lonse.

Anamuphunzitsa maphunziro awiri, ndipo wakhoza onse.

Ndayang'ana nthochi. Ndayang'ana mwana wa eni ali padzuwa. Supuni yalemera ngati khasu.

"Ayi, lawa pang'ono."

"Iii, anti, ndadya kunyumba..."

"Undikhumudwitsa."

Walowa ngati akundichitira chifundo.

Tisanayambe n'komwe, kuseri kwa nkhadze kwamveka kukhosomola kwaulemu. Magalasi, mimba, manja kumbuyo.

"Mama, inenso ndakhuta."

Ndapita kukatenga mbale zina.